Akuti gasi akutha ku Joni, ndiyambe kulongedza?

Funso la lero lachokera kwa achimwene ena amene ali ku Gauteng, alemba motere: "Ine ndimagwira ntchito pa fakitale ya matailosi kuno ku Joni, chaka chachisanu tsopano. Mabwana akumakamba zoti gasi atha, ena akuti 2026 ena akuti 2028, ndiye mwina fakitale itseka. Kodi gasi wa dziko lino amachokera kuti, amagwiritsa ntchito wochuluka bwanji, ndipo ndi zoona akutha? Nanga wa m'silinda amene timaphikirayu nayenso asowa? Ndiyambe kulongedza?"

Achimwene, zikomo, ndipo chikwamacho chisiyeni kaye pansi pa bedi pomwepo. Ndiyambe ndi za silindazo poti ndi zomwe zimasokoneza anthu ambiri. Gasi amene mumaphikira uja ndi LPG, amatuluka poyenga mafuta kapena posefa gasi wa pansi, ndipo wambiri amalowa m'dzikomo pa sitima kudzera ku Saldanha ndi ku Richards Bay kenako amayenda pa thiraki. Gasi wa pa fakitale panu ndi wina, ndi methane, amachoka pansi pa nthaka nkubwera pa paipi mpaka pa uvuni wanu, palibe thiraki imene imamutula pa geti. Dzina ndi limodzi koma ndi anthu awiri osiyana, ngati a Banda a ku Kasungu ndi a Banda a ku Nkhata Bay. Ndiye nkhani yomwe mabwana anu akukambayo siikhudza nsima yanu ya madzulo, kupatula mtengo wokha umene ungagwedezeke ngati mafakitale ambiri atathawira ku LPG nthawi imodzi.

Tsopano gasi wa pa paipiyo. Pafupifupi yense amachokera ku Mozambique, chigawo cha Inhambane, malo awiri otchedwa Pande ndi Temane kufupi ndi Vilanculos. Gasi wa ku Pande anapezeka 1961, wa ku Temane 1967, anapeza ndi a Gulf Oil nthawi ya Apwitikizi, koma iwo amafuna mafuta osati gasi ndiye anangotseka zitsimezo nkumapita, panalinso nkhondo yomenyera ufulu, kenako ya Frelimo ndi Renamo imene inatha 1992, gasi ali phee pansi zaka pafupifupi 40. Ndi Sasol, kampani yaikulu ya mafuta ya ku South Africa, imene inadzagwirizana ndi boma la Mozambique mu 2000, nkumanga malo osefera gasi ku Temane komanso paipi ya makilomita 865 yochoka kumeneko, kudutsa malire cha ku Ressano Garcia ndi Komatipoort, mpaka ku Secunda ku Mpumalanga. Gasi anayamba kuyenda 2004. Paipi imeneyi eni ake ndi kampani yotchedwa Rompco, poyamba Sasol inali ndi theka koma inagulitsako, pano boma la South Africa kudzera ku iGas lili ndi 40 peresenti, boma la Mozambique kudzera ku CMG 40 peresenti, Sasol 20. Kuchoka ku Secunda ndi pamene mapaipi ang'onoang'ono amagawikana kupita ku Sasolburg, ku Germiston, ku Vereeniging, ku Pretoria ndi kwina konseko, imodzi mwa iyo ndi imene imathera pa uvuni wanuwo.

Paipi imodzi, wogulitsa m'modzi. Mukasunga mawu amenewa mwamva theka la nkhani yonse.

Za kuchuluka kwake, manambala ake ndi awa koma ndiyambe ndafotokoza muyeso chifukwa anthu amangowerenga "PJ" mu nyuzi osadziwa kuti ndi chani. PJ ndi petajoule, muyeso wa mphamvu ya moto, ndipo kuti muione bwino tengani silinda yanu ya 9 kg ija, masilinda awiri ndi kachidutswa ka yachitatu ndi gigajoule imodzi, petajoule ndi ma gigajoule miliyoni, kutanthauza masilinda opitirira 2 miliyoni. South Africa pa chaka imatentha ma PJ cha m'ma 180. Mwa amenewa, cha m'ma 160 ndi ochokera ku Mozambique, otsalawo cha m'ma 20 ndi gasi amene Sasol imapanga kuchoka ku malasha ku Secunda, amamutcha methane rich gas, ndipo ameneyu amatsika ndi paipi ya kampani ya boma ya Transnet yotchedwa Lilly kupita ku Newcastle, Richards Bay ndi Durban. Mukasandutsa kukhala muyeso umene mabungwe akunja amakonda, zonsezi ndi ma cubic metre pafupifupi 5 biliyoni pa chaka.

Zikumveka zambiri eti, koma pa dziko lalikulu choncho ndi kadontho. Britain imatentha kuposa pamenepo ka 10 ndi kupitirira, Egypt chimodzimodzi, America ndiye musanene, cha m'ma 900 biliyoni. Pa mphamvu zonse zimene South Africa imagwiritsa ntchito gasi ndi cha m'ma 3 peresenti basi, dzikolo limayendera malasha, magetsi opitirira 80 peresenti amachoka ku malasha. Nyumba za anthu zokhala ndi gasi wa pa paipi ndi zochepa kwambiri, masauzande owerengeka a makasitomala a Egoli Gas m'madera akale a Johannesburg. Ndipo chinthu china choseketsa, masiteshoni a Eskom aja otchedwa Ankerlig ndi Gourikwa, amene amayatsidwa nthawi ya load shedding, dzina lake ndi ma gas turbine koma amamwa dizilo, ndiye mukaona mawu akuti gasi pa lipoti la Eskom musamaganize kuti ndi wa ku Temane.

Nchifukwa chake kwa zaka zambiri andale sankatekeseka nazo, munthu amangoona 3 peresenti nkuti aaa izi nzazing'ono. Koma namba imeneyi imanamiza. Funso lenileni ndi lakuti 3 peresentiyo imapita kwa ndani. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a gasi yenseyo imatenga ndi Sasol yomwe, ku Sasolburg kumene anasiya malasha mu 2004 nkuyamba kupanga makemikolo, sera ndi ammonia kuchoka ku gasi, komanso ku Secunda kumene amawonjezera pa malasha popanga petulo ndi dizilo. Gawo lotsalalo, ma PJ cha m'ma 60, ndi limene limagawidwa kwa mafakitale mazanamazana, opanga mabotolo ngati Ardagh imene kale inali Consol, opanga magalasi a mawindo, a zitsulo ngati ArcelorMittal, a mapepala ngati Mondi, ofulula mowa, ophika buledi, owotcha njerwa, ndi inu a matailosi. Bungwe la mafakitale amenewa, IGUA-SA, limanena kuti ntchito za anthu cha m'ma 70,000 zimadalira gasi ameneyu mwachindunji. Ndi bungwe lomenyera mbali yake ndiye namba yawo muziitenga mukudziwa zimenezo, koma ngakhale mutaidula pakati ikadali khamu la anthu, ndipo inu mukudziwa bwino kuti mwa anthu amenewo a kwathu aliko ambiri.

Nanga akutha zoona? Eya, wa ku Pande ndi Temane akuchepa, izi si mphekesera. Chitsime cha gasi chimakhala ngati tayala lopopa, masiku oyamba mpweya umatuluka wokha ndi mphamvu, zaka zikamapita mphamvu ija imatsika, mumayamba kuika makina okankhira, kukumba zitsime zina pambali, koma pamapeto pake zotuluka zimachepa chaka ndi chaka. Apopa zaka zopitirira 20. Sasol yathira ndalama zambiri kukumba zitsime zowonjezera kuti italikitse nthawi, koma gasi watsopano amene apeza m'dera lomwelo mbali yaikulu ndi wa Mozambique mwini wake, wopita ku siteshoni ya magetsi ya 450 MW ya ku Temane, ndipo apa sindingawadzudzule a Mozambique, zaka zonsezi gasi wawo wakhala akudutsa pansi pa midzi yopanda magetsi kupita kukawotcha mabotolo a mowa kwa aneba.

Masiku awiri amene mwamvawo onse ndi oona, kungoti linalo ndi lakale. Mu 2023 Sasol inauza makasitomala ake kuti pofika June 2026 isiya kuwagulitsa gasi, wotsalayo izigwiritsa ntchito yokha. Apa ndi pamene mawu akuti gas cliff anatchuka, ngati kunena kuti mukuyenda bwinobwino kenako phompho. Mafakitale anakuwa, Sasol inaonanso zitsime zake nkusuntha tsikulo kufika 2027, kenako June 2028, ndipo inanenanso kuti kuchoka apo itha kumawapatsa gasi wa malasha uja kwa zaka ziwiri mpaka 2030 ngati mlatho. Ndiye bwana amene akuti 2026 akukamba nkhani ya dzana, amene akuti 2028 ali pafupi ndi zoona. Koma musaone ngati kusunthaku ndi kupulumuka, gasi wa malasha ameneyo akamupatsa inu ndiye kuti Sasol yachepetsa zopanga zake, ndipo idzafuna kuti mtengo ubweze zomwe yatayazo.

Mwina mukufunsa kuti dziko lonse la South Africa lilibe gasi wakewake? Linali naye pang'ono. Ku Mossel Bay kunali fakitale ya boma, Mossgas imene inadzakhala PetroSA, inayamba 1992 kusandutsa gasi wa pansi pa nyanja kukhala mafuta. Zitsime zitayamba kuuma anayesa kukumba zina pa pulojekiti yotchedwa Ikhwezi, gasi anapezeka wochepa kuposa amene amayembekeza, kampani inaluza ndalama zopitirira 14 biliyoni ya marandi m'chaka chimodzi, ndipo kumapeto kwa 2020 fakitale inaima. Nchifukwa chake mukaona ma graph a gasi wokumbidwa m'dzikomo mzere wake umangotsetsereka mpaka kutsala pang'ono kugunda pansi. Total inapeza gasi wambiri kunyanja komweko, Brulpadda mu 2019 ndi Luiperd mu 2020, anthu anavina, a pulezidenti anayamikira, koma ndi pa madzi akuya pomwe mafunde ndi oopsa, mtengo wogulitsira sanamvane, mu 2024 Total yomweyo, imene pano imatchedwa TotalEnergies, inatulukamo. Za gasi wa ku Karoo, dera louma la pakati pa South Africa, ndiye ndi phunziro labwino la mmene manambala amapusitsira anthu: bungwe la boma la America loona za mphamvu linati kuli 485 tcf (tcf imodzi ndi ma cubic feet thiriliyoni imodzi) mu 2011, nkutsitsa kufika 390 mu 2013, kenako akatswiri a miyala a m'dzikomo atakumba nkuyeza anati mwina 13. Kuchoka 485 kufika 13, ndipo mpaka lero palibe fakitale yomwe yawotchapo tailosi ndi gasi wa ku Karoo. Ku Virginia ku Free State kuli kampani ya Renergen imene ikutulutsa gasi, ndi zenizeni koma ndi zochepa, sizingadyetse Gauteng.

Apa ndiimepo pang'ono chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amagwa powerenga malipoti. Pali namba ya gasi amene akuganiziridwa kuti ali pansi, pali namba ya amene angathe kutulutsidwa, ndiye pali ya amene watsimikizika kuti atuluka pa mtengo wopindulitsa ndipo wogula alipo. Nyuzi zimakonda yoyambayo chifukwa ndi yaikulu. Zili ngati munthu kuwerenga matumba a chimanga mbewu zisanamere. Komanso mukaona malipoti awiri akusiyana, wina akuti 4 biliyoni wina 5, sikuti wina akunama, ena amawerengera gasi wa malasha uja ena samuwerengera, ena amayamba chaka mu January pomwe chaka cha Sasol chimatha mu June, ena amachotsa gasi amene amatsala ku Mozambique pa masiteshoni a magetsi a ku Ressano Garcia paipi isanaoloke malire. Inu muziona kumene mzere ukulowera, osati kulimbana ndi namba imodzi.

Funso limene ndikudziwa kuti likubwera ndi la Cabo Delgado, poti tonse tinamva kuti Mozambique yapeza gasi wochuluka zedi. Zoona, Anadarko mu 2010 ndi Eni mu 2011 anapeza gasi wopitirira 100 tcf ku Rovuma, kuchulukitsa wa Pande ndi Temane kambirimbiri. Koma taonani mapu, Palma ili kumpoto kwenikweni pa malire ndi Tanzania, Temane ili kum'mwera, pakati pake palibe paipi. Panali maganizo omanga ya makilomita 2,600 mpaka ku Gauteng, inathera pa pepala. Gasi wa kumeneko anakonzedwa kuti aziyenda pa sitima kupita kwa wolipira bwino, wa pa Coral Sul, fakitale yoyandama pa nyanja, amene anayamba kutuluka November 2022 anagulidwa kale yense ndi BP, ndipo pulojekiti yaikulu ya TotalEnergies ya madola 20 biliyoni inaima zigawenga zitalowa mu Palma mu March 2021, yadzayambanso kusuntha patapita zaka zopitirira zinayi. Ndiye South Africa ikafuna gasi wa ku Rovuma iyenera kuima pa mzere limodzi ndi Japan, India ndi maiko a ku Ulaya, ubale wa SADC pamenepo sugwira ntchito, ndi ndalama basi.

Njira yotsala ndi imeneyo ya sitima, LNG, gasi yemweyo koma woziziritsidwa kufika pa madigiri 162 pansi pa ziro mpaka asanduke madzi, akatero amachepa ka 600 nkukwana mu sitima. Pamafunika doko lolandirira lomwe limamubweza kukhala mpweya nkumulowetsa mu paipi. Malo awiri ndi amene akukambidwa kwambiri. Ku Matola pafupi ndi Maputo, ubwino wake ndi wakuti gasi angalowe mu paipi ya Rompco yomwe ilipo kale nkufika pa fakitale panu osasintha chilichonse. Ndi ku Richards Bay, kumene mu 2024 a doko anasankha Vopak ndi Transnet Pipelines kuti amange, gawo loyamba matani 2 miliyoni pa chaka, amene ndi ma PJ cha m'ma 100, ndipo kumeneko gasi angalowe mu paipi ya Lilly.

Ndiye chikuchedwetsa ndi chani? Aliyense akudikira mnzake. Womanga doko sangatulutse ndalama popanda wogula wosaina kontrakiti ya zaka 15 kapena 20, fakitale ya matailosi payokha singasaine chinthu chotere chifukwa siidziwa ngati idzakhalapo zaka 20, ndipo ngakhale mafakitale onse ataphatikizana, zimene ayesa popanga kampani yogulira limodzi yotchedwa GasHub, ma PJ 60 awo ndi ongopitirira pang'ono matani miliyoni imodzi, ochepa kuti doko lidzilipire bwino. Pamafunika kasitomala wamkulu, siteshoni ya magetsi yoyendera gasi, ndipo zimenezo zakhala zikukokedwa m'makhoti ndi m'maofesi, za sitima zopangira magetsi za kampani ya Karpowership zija munaziona mmene zinalepherera. Germany itataya gasi wa ku Russia mu 2022 inamanga doko la Wilhelmshaven m'miyezi yosakwana 10, koma kumeneko boma linatsegula chikwama nkuchotsa zotchinga zonse. Mwa masiku onse ntchito yotere imatenga zaka zitatu kapena zinayi kuchoka tsiku losaina. Werengerani nokha kuchoka 2028 kubwerera m'mbuyo muona chifukwa chake mabwana anu sakugona.

Maganizo anga, ndipo awa ndi anga osati a lipoti, ndi akuti paipi siidzauma tsiku limodzi ngati mpopi wa Water Board. Ntchito zomwe zili pamenepo ndi zambiri, boma ndi Sasol adzapeza kolowera ngakhale mochedwa. Chimene chikutha ndi gasi wotchipa. Kumbukirani phokoso la 2022 pamene Sasol inafuna kukweza mtengo kuchoka R68.39 kufika R133.34 pa gigajoule, mafakitale anathamangira kwa NERSA, bungwe loyang'anira mitengo ya gasi ndi magetsi, ndi ku Competition Commission, loona za mpikisano pa malonda, akuti atifinya. Koma LNG imagulidwa pa dola, pa mtengo wa dziko lonse, kuphatikizapo sitima, doko ndi paipi, ndipo mtengo umene ankaulira uja utha kudzaoneka ngati wachifundo. Komanso umavina, nkhondo ya ku Ukraine itayamba sitima zimene zimayenera kupita ku Pakistan ndi Bangladesh zinakhotera ku Ulaya kotsatira ndalama, maiko awiriwo nkukhala mu mdima.

Kwa inu a matailosi apa ndi pamene pagona nkhani. Uvuni wanu umafuna moto wopitirira madigiri 1,100 usana ndi usiku, ndipo gasi ndi gawo lalikulu la mtengo wa tailosi iliyonse. Atha kusintha kupita ku LPG, mabanala ake savuta kwenikweni kusintha, koma LPG yoyo ndi yodula. Magetsi ndiye mukuwadziwa a Eskom. Tailosi ikakwera mtengo kasitomala amangotenga yochokera kunja pa shelefu yomweyo, ndiye fakitale imene ingavutike ndi yaing'ono, yokhala ndi mauvuni akale odya gasi wambiri. Zikuluzikulu zimene zili ndi ndalama zosinthira makina zidzapirira, mwina kuchepetsa ma shifiti kapena kuzimitsa laini imodzi. Anzanu a mabotolo ali pa moto woposa inu chifukwa ng'anjo ya galasi siizimitsidwa, ikazizira galasi limauma mkati ng'anjo yonse yawonongeka.

Ndiye m'malo momvera za m'kantini, yang'anani zinthu zooneka ndi maso. Kodi pa yadi pakumangidwa matanki akuluakulu a LPG kapena malo oimikapo mathiraki a gasi? Ngati eya, eni ake akukonzekera kukhala. Kodi uvuni ukawonongeka akumaukonza bwinobwino kapena akungomata kuti ufike mawa? Kodi kampani yanu ili nawo m'gulu logula gasi limodzi lija? Funsani shop steward wanu, ngakhale musali mu yuniyoni, funso limeneli ali ndi ufulu wolifunsa pa msonkhano ndi mabwana. Ndipo pa nkhani za m'nyuzi, mawu oti muzitchera khutu ndi akuti final investment decision pa Matola kapena Richards Bay, ndiye kuti ndalama zatulukadi, zina zonse za ma MoU, mapepala ongolonjezana, ndi kujambulitsa atagwirana manja tazionapo zambiri. Mapepala anu a ntchito, ma payslip ndi za UIF, thumba lothandiza ochotsedwa ntchito, muzisunge pamodzi malo abwino, chifukwa kampani ikafika pochepetsa anthu lamulo la kumeneko limati pakhale zokambirana kaye komanso malipiro osachepera a sabata imodzi pa chaka chilichonse chimene mwagwira, ndipo zaka zanu zisanuzo muzidzatha kuzionetsa pa pepala.